"Fufutani Chithunzicho!" Walamula Ndani?



M'mwezi wa Epulo chaka cha 2009, bambo wina wa ku Austria anapita kukacheza ku London ndi mwana wake wamwamuna. Anali munthu wachikulire ndithu, wokonda mabasi ndi zomangamanga. M'malo momangozungulira pa nyumba ya mfumukazi ngati alendo ena onse, iye ankakwera basi n'kupita kumadera akutali kumene kumakhala anthu wamba. Atafika pa depoti ya mabasi ya ku Walthamstow, anatulutsa kamera n'kuyamba kujambula. Posakhalitsa apolisi awiri anatulukira. Anawauza kuti kujambula chilichonse chokhudza mabasi ndi masitima n'koletsedwa chifukwa cha zauchifwamba. Anawalemba manambala a mapasipoti ndi kumene ankagona, kenako anawalamula kuti afufute zithunzizo. Iwo anafufuta. Mukanakhala inu, m'dziko la eni, apolisi awiri ataima pamaso panu, mukanatani?

Lamulo limene apolisiwo ankanena kunalibe tsiku limenelo, ndipo mpaka lero kulibe. Ku England munthu akaima pamsewu wa boma atha kujambula chimene maso ake akuona, kaya ndi nyumba, basi, munthu wodutsa ngakhale wapolisi amene ali pantchito, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Malangizo amene apolisi a ku London amapereka kwa anthu awo amanena mosabisa kuti wapolisi alibe mphamvu yofufuta chithunzi kapena kuwononga filimu ya munthu. Koma kwa zaka zingapo, mumzinda umene alendo amaujambula tsiku ndi tsiku, kunyamula kamera kunasanduka chinthu chopalamulitsa. Nkhani yathu lero ndi ya mmene zinafikira pamenepo ndi mmene zinathera, chifukwa ife tonse tsopano tikuyenda ndi kamera m'thumba, ndipo mawu akuti "fufutani" sachilendo m'makutu mwathu.

Gwero la chipwirikiti chonsechi linali lamulo lothana ndi zauchifwamba limene Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inavomereza m'chaka cha 2000, makamaka gawo 44 la lamulolo. Mwachizolowezi, wapolisi asanakuimike n'kukuchita chipikisheni amayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokukayikirira. Gawo 44 linachotsa zimenezo. Mkulu wa apolisi ankangolemba kuti dera lakutilakuti lili pachiopsezo, nduna n'kuvomereza, basi. M'deramo wapolisi aliyense ankatha kuimika aliyense, kumupisa m'matumba ndi m'chikwama, popanda kumuganizira cholakwa chilichonse. Chilolezocho chinkayenera kukhala cha masiku osapitirira 28. Koma ku London chikangotha ankasainanso china, kuyambira mu Febuluwale 2001, moti mzinda wonse unakhala dera lachiopsezo kwa zaka ndi zaka, eni mzindawo osadziwa n'komwe.

Tamverani bwino apa. Gawo 44 silinaletse kujambula. Linangomasula dzanja la wapolisi kuti aimike amene wafuna. Ndiye munthu akapatsidwa mphamvu yoimika aliyense, amayamba ndi amene akuoneka mosavuta. Pakati pa anthu othamangira kuntchito, woima chilili ataloza chinthu chakuda ku nyumba yaitali ndiye amagwera m'maso.

Mu Seputembala 2003 kunali chionetsero cha malonda a zida zankhondo ku Docklands, kum'mawa kwa London, ndipo anthu ena anapita kukachita zionetsero zotsutsa malondawo. Kevin Gillan, wophunzira wa ku yunivesite, ankapita kumeneko pa njinga, ndipo anamuimika n'kumusecha. Pennie Quinton, mtolankhani, anali ndi kamera yake. Anaonetsa chiphaso cha utolankhani, koma anamuimikabe, kumusecha ndi kumuuza kuti asiye kujambula. Onse awiri sanawapeze ndi kanthu. Anthu ambiri zikawachitikira zotere amangoti zatha, bola sanandimange. Awiriwa anakamang'ala kukhoti mothandizidwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Liberty. Anagonja m'makhoti onse a m'dzikomo, mpaka khoti lalikulu kwambiri linawakanira m'chaka cha 2006. Sanatope. Anaunyamula mlanduwo kupita nawo ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu ku Strasbourg. Tiwasiye kaye pamenepo ali pamzere, tibwereranso.

Pamene iwo ankadikira, zinthu pamsewu zinkaipiraipira. Mu Novembala 2009, Jeff Overs, wojambula zithunzi wa BBC, anaimikidwa ndi kufunsidwa mafunso chifukwa chojambula tchalitchi cha St Paul's dzuwa likulowa. Tchalitchi chimenecho chili pa makadi ogulitsa kwa alendo m'sitolo iliyonse ya m'deralo. Mwezi wotsatira, Grant Smith, amene ntchito yake ndi kujambula nyumba, ankajambula nsanja ya tchalitchi china chakale pakati pa mzinda. Alonda a banki yoyandikana nayo anamufunsa dzina, iye anakana kuwauza popeza anali pamsewu wa boma. Alondawo anaimba foni kupolisi, ndipo panabwera apolisi asanu ndi awiri kudzasecha munthu mmodzi wonyamula kamera, dzuwa likuswa mtengo.

Maganizo a apolisi anali oti zigawenga zimayamba zazonda malo zisanachite chiwembu, ndipo pozondapo zimajambula. Sitingawanyoze pa mantha awo. Mu Julayi 2005 mabomba anaphulika m'masitima atatu ndi m'basi imodzi mumzindamo, ndipo anthu osalakwa 52 anafa. Wapolisi amene ananyamula mitembo tsiku limenelo sangaiwale. Koma tiyeni tiganize pang'ono. Munthu wofuna kuchita chiwembu angabwere ndi chikamera chachikulu, kuchiimika pamiyendo yake itatu pakati pa msewu, n'kumadikira kuti mtambo uchoke? Komanso mu Malichi 2009, kampani ya Google inali itaika pa intaneti zithunzi za misewu ya London, nyumba ndi nyumba, zoti aliyense atha kuziona ali chogona kwawo. Amene ankavutika pamsewu anali alendo, ana asukulu, okonda masitima ndi anthu ofuna kupeza ya ndiwo.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, pa 16 Febuluwale 2009 panayamba kugwira ntchito lamulo lina, gawo 76 la lamulo la 2008, loti ndi mlandu kusonkhanitsa kapena kufalitsa zinthu zokhudza wapolisi kapena msilikali zimene zingathandize chigawenga. Chilango chake chinkafika zaka khumi. Boma linati silikunena za atolankhani, koma ojambula anadziwa mmene mawu oterewa amakamvekera akafika pakamwa pa wapolisi wokwiya pamsewu. Tsiku lomwelo anasonkhana mazanamazana kunja kwa likulu la apolisi ku Scotland Yard, n'kuyamba kujambula apolisi amene ankalondera pakhomopo.

Sipanathe miyezi iwiri, ndipo panachitika chinthu chimene chinaonetsa chifukwa chake nkhaniyi si ya anthu okonda zithunzi okha.

Pa 1 Epulo 2009 atsogoleri a mayiko olemera a G20 anali atafika ku London, ndipo pakati pa mzinda panali zionetsero. Ian Tomlinson, bambo wa zaka 47, wogulitsa nyuzipepala pamsewu, sanali nawo pa zionetserozo. Anaweruka madzulo n'kumafuna njira yopitira kumene ankagona, koma misewu ina apolisi anali atatseka. Madzulo omwewo anagwa pamsewu n'kumwalira. Uthenga woyamba umene apolisi anapereka unali woti anamupeza atakomoka, ndipo poyesa kumuthandiza anthu ankawagenda. Dokotala woyamba kupima thupi lake anati wafa ndi mtima. Nkhani ikanathera pomwepo, banja likanaika maliro n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, nyuzipepala ya The Guardian inatulutsa kanema wamfupi. Sanajambule ndi mtolankhani. Anajambula ndi munthu wina wa ku New York, wogwira ntchito za ndalama, amene anabwera ku London pa ntchito zake n'kungopita kukaonerera zionetserozo ndi kakamera kake. M'kanemayo Tomlinson akuoneka akuyenda pang'onopang'ono, manja ali m'matumba, atafulatira apolisi. Wapolisi wina akumumenya ndi chibonga mwendo, kenako akumukankha kumbuyo mwamphamvu. Bamboyo akugwa chafufumimba, popeza manja anali m'matumba. Akukhala tsonga, akulankhula ndi apolisiwo, anthu akumudzutsa. Anayenda pang'ono chabe n'kukagwa kosadzukanso.

Madokotala ena atapimanso thupi anapeza kuti anafa chifukwa chotaya magazi m'mimba. Mu Meyi 2011 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti anaphedwa mosemphana ndi lamulo. Wapolisiyo, Simon Harwood, anazengedwa mlandu wakupha munthu mosakonzekera, ndipo mu 2012 khoti linamupeza wosalakwa pa mlanduwo. Koma chaka chomwecho anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2013 apolisi a ku London anapepesa kubanja ndi kupereka chipukutamisozi. Mutha kunena kuti chilungamo sichinakwanire, ndipo sindingakutsutseni. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ngakhale pang'ono pamene chinafikapo, chinafika chifukwa mlendo wina sanatsitse kamera. Wapolisi wina akanamuona n'kumuuza zimene anauzidwa bambo wa ku Austria uja mwezi womwewo, dziko likanangodziwa kuti wogulitsa nyuzipepala anafa ndi mtima.

Tibwerere kwa Gillan ndi Quinton. Akuluakulu anati mlandu suwola. Pa 12 Januwale 2010, patapita zaka zoposa zisanu ndi chimodzi chiwaimikireni, khoti la ku Strasbourg linagamula kuti gawo 44 likuphwanya ufulu wa anthu. Linati mphamvuyo ndi yotakata mopyola muyezo ndipo ilibe zotchinga zokwanira kuti isagwiritsidwe ntchito molakwika. Chimene chimandikhudza pa chigamulochi n'chakuti khotilo linatsamira pa ufulu wa munthu wosalowereredwa pa moyo wake. Kawirikawiri ufulu umenewu amautchula ndi anthu amene sakufuna kujambulidwa. Apa unateteza wojambula, chifukwa nayenso chikwama chake ndi matumba ake si bwalo loti aliyense azipisamo dzanja pagulu.

Patangopita masiku ochepa, pa 23 Januwale, ojambula pafupifupi 2,000 anadzaza bwalo la Trafalgar Square, makamera m'mwamba, pansi pa mbendera yonena kuti iwo ndi ojambula, si zigawenga. Akuluakulu a polisi anali atayamba kale kuchita manyazi. Mu Disembala 2009 Andy Trotter, mmodzi wa akuluakuluwo, analembera anzake m'dziko lonse kuwakumbutsa kuti palibe mphamvu yoletsa munthu kujambula pamalo a aliyense. Kenako ziwerengero za boma zinatuluka. M'chaka cha boma cha 2009 mpaka 2010, anthu oposa 100,000 anaimikidwa pogwiritsa ntchito gawo 44. Mwa onsewo, womangidwa pa mlandu wa zauchifwamba panalibe ndi mmodzi yemwe. Mu Julayi 2010 nduna yoona za m'dziko, Theresa May, inaletsa apolisi kusecha anthu oyenda pansi pogwiritsa ntchito gawoli, ndipo lamulo la 2012 linalithetseratu n'kuikapo lina lokhwima kwambiri pa nthawi imene mphamvu yotere ingagwiritsidwe ntchito.

Apolisi atabwerera m'mbuyo, panatsala alonda. M'chaka cha 2011 okonza chikondwerero china cha zithunzi za pamsewu anatumiza ojambula asanu ndi mmodzi m'malo osiyanasiyana pakati pa London, aliyense ndi mnzake womujambula kanema. Onse anaima pamsewu wa boma, ndipo onse anavutitsidwa ndi alonda. Katatu alonda anaitana apolisi, ndipo apolisiwo atafika anauza alondawo kuti ojambulawo sakulakwa. Mlonda ndimamumvetsa. Bwana wake anamuuza kuti asalole munthu kujambula nyumbayi, ndipo akalephera ntchito yatha. Koma mphamvu ya bwanayo imathera pa mpanda wake. Vuto la masiku ano n'lakuti mpandawo sukuonekanso. Madera ngati Canary Wharf amaoneka ngati misewu ya aliyense, muli mabenchi, mitengo ndi anthu odutsa, koma nthaka yake ndi ya kampani, ndipo mwini malo ali ndi ufulu woika malamulo ake. Akakuuzani kuti pano sitijambula, tulukani, muyenera kutuluka. Chimene sangachite ndi kukulandani kamera kapena kukukakamizani kufufuta zimene mwajambula kale.

Nkhani yofufutayi tiiganizire bwino, chifukwa ndi pamene mikangano yambiri imaphulikira. Ngati munthu wapalamula pojambula, ndiye kuti chithunzicho ndi umboni, ndipo umboni sauwononga, amapita nawo kukhoti. Ngati sanapalamule, chithunzicho ndi katundu wake. Mbali zonse ziwiri, wolamula kuti fufutani alibe poima. N'chifukwa chake ine ndikamva wovala yunifolomu akuumirira kuti chithunzi chifufutidwe pomwepo, osati kupolisi, osati pamaso pa woweruza, ndimayamba kufunsa kuti kodi m'chithunzimo muli chiyani chimene iye sakufuna kuti bwana wake aone.

Musaganize kuti ku Britain wojambula amangochita zimene wafuna. Makhoti omwewo anaika malire. M'chaka cha 2004 Naomi Campbell anapambana mlandu wotsutsana ndi nyuzipepala ya Daily Mirror, imene inasindikiza zithunzi zake akutuluka ku msonkhano wa anthu ofuna kusiya mankhwala osokoneza bongo. Anali pamsewu, inde, koma chithunzicho chinaulula za chithandizo chake. M'chaka cha 2008 khoti la apilo linavomereza kuti mwana wamng'ono wa wolemba mabuku J.K. Rowling, amene anamujambula mobisa makolo ake akumuyendetsa pamsewu ku Edinburgh, ali ndi poyambira kudandaula. Ndipo ku England kuyambira 2019, kulowetsa foni kunsi kwa siketi ya mayi n'kujambula ndi mlandu wopita nawo kundende. Mukaona milandu imeneyi mupeza kuti makhoti sanafunse kokha kuti wojambula anaima pati. Anafunsanso kuti wojambulidwayo ndi ndani, chithunzicho chikuulula chiyani, ndipo chikupita kuti.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene tinayamba kuwatsata m'chaka cha 1994, amapereka ufulu wolankhula zakukhosi m'gawo 35, ufulu wa atolankhani m'gawo 36, ndi ufulu wa munthu wosalowereredwa pa moyo wake m'gawo 21, umene ukuphatikizapo kusasechedwa ndi kusalandidwa katundu mwachisawawa. Zinangochitika kuti nafenso tili ndi gawo 44, koma lathu limagwira ntchito yosiyana ndi la ku London lija. Limanena kuti ufulu wa munthu sungachepetsedwe pokhapokha ngati pali lamulo lonena choncho, lamulolo n'lomveka, ndipo n'lofunikadi m'dziko la demokalase. Ndiye kuti amene akuletsa ndiye ayenera kutchula lamulo. Malo otetezedwa alipo, monga a asilikali, ndipo wanzeru saseweretsa kamera kumeneko. M'khoti mumamvera woweruza, m'chipatala mumamvera oyang'anira, m'sitolo mumamvera mwini sitolo. Koma mawu akuti "chilolezo muli nacho?" amene amatuluka msanga pamsewu ayenera kukhala ndi yankho la funso lina: chilolezo chochokera kwa ndani, potsata lamulo liti?

Sitinaiwale za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero ndipo atolankhani ena anamenyedwa ndi apolisi ali pantchito yawo. Tsiku ngati limenelo, aliyense amene ali ndi chobisa amayamba walimbana ndi wonyamula kamera. Anzathu a ku South Africa anaziona kale. Pa 16 Juni 1976 ku Soweto, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 wowomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa ndi Mbuyisa Makhubo, mlongo wake wa mwanayo akuthamanga pambali akulira. Nzima anadziwa chimene chikubwera. Anatulutsa filimuyo m'kamera n'kuibisa mu sokosi, ndipo apolisi atamugwira sanaipeze. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse lapansi. Mwini wake anasautsidwa mpaka anachoka ku Johannesburg kubwerera kumudzi kwawo ku Lillydale, ndipo utolankhani wake unathera pomwepo.

Apa pali funso limene sindifuna kulilumpha. Nzima anajambula mwana akufa, osapempha makolo ake. Nanga zikusiyana bwanji ndi zimene timachita ife minibasi ikagubuduzika pa M1? Mwaziona. Anthu akubuula m'ngalande, wina mwendo wathyoka, mayi wina chitenje chamasuka, ndipo khamu lazungulira, mafoni m'mwamba. Ola lisanathe zithunzi zili m'magulu a WhatsApp, ndipo mayi wina ku Mzimba akudziwa za imfa ya mwana wake poona nkhope yake pafoni ya mnansi, uthenga wa maliro usanafike mwa mwambo wake. Onsewa ajambula pamsewu wa boma. Kusiyana kwake ndikuona kuli apa: ku Soweto kunali anthu amfuti amene ankafuna kuti imfayo isadziwike, ndipo chithunzi chinawalanda bodza lawo. Pa ngozi ya minibasi palibe akubisa kanthu. Chithunzicho sichikuulula cholakwa cha wamphamvu aliyense, chikungovula wovulala amene sangathe kudzuka kuti akane. Mukafuna kujambula dzenje limene lagwetsa galimotoyo, kapena mmene anthu anapakiridwira mopyola muyezo, jambulani, zimenezo zithandiza. Nkhope ya womwalira isiyireni abale ake.

Ndi mmenenso ndimaonera mkangano wa mumsika. Lozani kamera kwa mayi wogulitsa tomato ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe osamupatsa moni, mumva: "Mwandijambuliranji? Mukapita nazo kuti? Mundipatsa zingati?" Ena amati kumeneko n'kusadziwa malamulo. Ine ndimati mayiyo akudziwa bwino lomwe chimene akunena. Waona kwa zaka zambiri alendo akutsika m'galimoto, kujambula ana osavala nsapato, n'kukwera kumapita, ndipo wamva kuti zithunzi zotere zimakapempheredwa ndalama kunja zimene iye sazionako. Waonanso anzake atasanduka choseketsa pa Facebook chifukwa wina anawajambula akuwodzera pa benchi. Wapolisi akamati musandijambule, amakhala ali pantchito ya boma, yolipidwa ndi misonkho yathu, atanyamula mphamvu yomanga munthu. Mayi wa tomato alibe mphamvu pa wina aliyense. Kukana kwa anthu awiriwa sikungalemere mofanana, ndipo wojambula amene amanjenjemera pamaso pa yunifolomu koma n'kumauma mutu pamaso pa mayi wa mumsika wazondotsa zinthu.

Amene amadya za kamera kuno amadziwa kale zimenezi. Aja oyenda m'maukwati ndi m'zinkhoswe, aja okhala pa geti tsiku lomaliza maphunziro, sayamba ndi kujambula. Amayamba ndi "Muli bwanji mayi, malonda akuyenda?" Amagula mulu umodzi wa tomato, amacheza, kenako amapempha. Akajambula amatembenuza kamera kuti mwini nkhope adzione, ndipo nthawi zambiri mkangano umasanduka phwete. Akakanidwa amathokoza n'kupita pena. Pa ana, amafunsa kholo kapena mphunzitsi. M'mudzi amayamba aonekera kwa amfumu. Pamaliro amafunsa kwa mwini mbumba. Palibe khoti limene linawalamula zimenezi, koma ndi zimene zimawalola kubweranso mawa pamalo omwewo.

Nanga zikavuta ndi wapolisi kapena mlonda? Musathawe, ndipo musakweze mawu. Musatchinge njira ya munthu amene akugwira ntchito yake, imani patali pang'ono. Funsani mwaulemu: "Bwana, ndalakwira lamulo liti?" Onani dzina kapena nambala yake, musunge mumtima malo ndi nthawi. Akagwira foni, musalimbirane naye, chifukwa pamenepo mlandu umasintha n'kukhala wolimbana ndi wapolisi, ndipo wa chithunzi uja umaiwalika. Nenani momveka, anthu akumva, kuti simukuvomera kufufuta ndipo ngati pali mlandu mupite nawo kupolisi. Mukakhala mtolankhani, dziwitsani akuntchito kwanu ndi a MISA Malawi msanga. Ndipo ngati mwaona kuti moyo wanu uli pachiswe, chithunzi chisakuphetseni. Dandaulo limatheka kukaperekedwa mawa ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa loya, monga anachitira Gillan ndi Quinton.

Chimene chinathandiza kwambiri ku London, kuposa ngakhale chigamulo cha ku Strasbourg pa moyo wa tsiku ndi tsiku, chinali chinthu chaching'ono. Apolisi analemba malangizo awo pa za kujambula n'kuwaika poyera. Ojambula anawasindikiza n'kumayenda nawo m'chikwama cha kamera, ndipo wapolisi akayamba zija za "n'koletsedwa", ankangomutulutsira pepala la mabwana ake omwe. Pepala lotere limatetezanso wapolisi wachinyamata amene sanaphunzitsidwepo za nkhaniyi ndipo akungochita zimene anaona akulu ake akuchita. Akuluakulu a polisi ku Area 30 angathe kuchita chimodzimodzi osadikira kuti Nyumba ya Malamulo ikumane: tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, lotchula malo amene kujambula n'koletsedwa ndi lamulo limene likuletsa, lonena zimene wapolisi angachite ndi foni ya munthu ndi zimene sangachite. Alimate pa kauntala ya polisi iliyonse, ndipo alilengeze pa wailesi kufikira aliyense atalidziwa, monga mmene anatiphunzitsira kuti belo ya kupolisi ndi yaulere.